Madzi Ogona m'Nyumba ya a Khuthulani

Alamu anga anagwira ntchito imodzi yokha moyo wawo wonse, ndipo ntchitoyo inali yodana ndi madzi odikha. Ankayenda khomo ndi khomo atavala ovolosi yotuwa, tochi ili m'thumba, kachipande ka mpini wautali kali m'manja, kusakasaka malo amene udzudzu ungaswane. Chitini chotayidwa kuseri kwa nyumba, tayala lakutha, mbale yomwera galu, zonsezi ankaziona asanapereke n'komwe moni. Mawu awo oyamba pakhomo pa munthu anali akuti, "Khuthulani." Anthu, poti sasowa chonena, anangowatcha a Khuthulani, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi.

Ine ndine mng'ono wa akazi awo. Ndimasoka zovala m'nyumba yogundana ndi yawo, ndipo khoma lotilekanitsa ndi lopyapyala moti alamu akayetsemula kwawoko, ine ndimayankha kuti pepani ndili pa makina. Choncho iyi si nkhani yam'maluwa, ngakhale kuti muli duwa. Zambiri ndinaziona, ndipo zimene sindinaone ndinazimva bwinobwino.

Vuto linayamba atapuma ntchito. Ovolosi ndi pampu yopopera mankhwala anabweza ku ofesi, koma tochi ndi kachipande anati n'zawo. Munthu amene ankayendera tauni yonse anatsala ndi pabalaza, kuchipinda, khitchini ndi bafa, ndiye mphamvu zonse zinathera momwemo. Makapu anawavundikira. Mapoto, ndowa, mabeseni, ngakhale ketulo, zonse zinkagona chafufumimba pa shelefu. Kambale ka sopo anakaboola ndi msomali. Mlendo akapatsidwa madzi akumwa n'kuika tambula pansi kuti ayambe wamaliza nkhani yake, pobwezanso dzanja ankapeza tambula yatsukidwa kale, ikuuma kukhitchini.

Achemwali ankangoseka. Iwo anaphunzitsa ana a mkaka zaka zambiri, ndipo munthu amene anapirira ana aeni akulira onse nthawi imodzi sangalephere mwamuna mmodzi. Akafuna ketulo ankaitembenuza, kuphika tiyi, n'kuivundikiranso okha kuti pasakhale nkhani. Koma panali chinthu chimodzi m'nyumbamo chimene anakana kuti chitembenuzidwe.

Linali duwa la m'nyumba limene mwana wawo wamkazi anawagulira tsiku limene anasiya kuphunzitsa. Dzina lake akuti buromeliyadi, koma ine lilime limandikola, ndiye ndimangoti chinanazi cha achemwali, poti akuti ndi pachibale ndithu. Masamba ake ndi aatali, olimba, a timinga m'mbali, otuwa ngati wina wawaza ufa. Amamera mozungulira n'kukumbatirana pakati, ndipo pakatipo pamakhala kachikho kolowa chala chonse. Duwali limamwera m'kachikhomo. Suthirira dothi kwambiri ngati mmene timachitira ndi maluwa ena. Umathira madzi pakati n'kuwasiya adikhe. Ukalisamala bwino, akuti tsiku lina m'kachikhomo mumatuluka duwa lenileni lofiirira, lalikulu ngati chibakera, kamodzi kokha pa moyo wake wonse.

Alamu atangoliona analizungulira, n'kuunikamo ndi tochi dzuwa likuswa mtengo.

"Mayi, ili si duwa," anatero. "Ichi ndi chitini chomera masamba."

"Ndi changa," anayankha achemwali, n'kuchiika pafupi ndi zenera la pabalaza.

Mmawa uliwonse achemwali asanasukusule n'komwe ankapita pa duwalo n'kulowetsa chala m'kachikho kuti aone ngati muli madzi. Mmawa uliwonse ankapeza mwauma gwa. Ankathiramo ena, ndipo ankabwera kudzandinyadira ndili pa makina.

"Mng'ono wanga, duwa langali ndi chidakwa. Ndikathira lero, mawa mulibe ngakhale dontho."

Ine ndinayamba kukayikira pamene alamu anandibweretsera malaya oti ndiwasokere manja. Ulusi unali wosololokasololoka kuyambira m'chigongono mpaka m'mkono, ndipo mikono yawo inali ndi timizere tofiira ngati alimbana ndi mphaka. Mphaka kwawoko kulibe. Anamukana kalekale chifukwa cha mbale yake ya madzi. Ndinawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kudenga.

Chinkachitika n'chakuti achemwali akangotuluka kupita kumsika, alamu ankalikumbatira duwalo, minga ndi minga yomwe, kupita nalo pa sinki n'kulipendeketsa mpaka litadontheza lomaliza. Kenako, poti si munthu woipa mtima, ankathira madzi ambirimbiri m'dothi, kuti duwa limwe ngati maluwa anzake aulemu wawo. Zinayenda choncho miyezi, mpaka tsiku lina achemwali anabwerera panjira kudzatenga ambulera. Anawapeza ali pa sinki, duwa lili chadodolido m'manja.

Ndinaimitsa makina n'kugunditsa khutu kukhoma, kudikirira kuti mbale ziyambe kulira. Sizinalire, ndipo zimenezi n'zimene zinandiopsa. Ndinangomva mawu a achemwali, otsika ngati akulankhula ndi mwana wa mkaka.

"Bambo, m'nyumba monse muno mulibe kamalo ngakhale kamodzi kakuti ine ndiikepo madzi anga?"

Alamu akanangoti pepani, nkhani ikanathera pomwepo. Koma madzi saiwala khwawa.

"Lamulo ndi lamulo, mayi," anatero.

Sabata isanathe achemwali anati akupita kukathandiza mwana wawo, amene amakhala tauni ina ndipo anali ndi khanda lokwawa. Anatenga chikwama chachikulu, osati chaching'ono chija amanyamula akamakacheza. Anatenga bulangete lawo, nsapato zonse, ndi chithunzi cha mayi athu chimene chinkakhala kuchipinda. Ali pakhomo anacheukira pa zenera.

"Duwali ndalisiya chifukwa lingabaye mwana. Akadzayamba kuyenda ndidzabwera kudzalitenga."

Sananene kuti adzabwera kudzakhala. Anati kudzalitenga. Alamu anamva, inenso ndinamva.

Pano ndiyambe ndaika nthabwala pambali. Mwana wamkazi uja si woyamba. Woyamba anali wamwamuna, ndipo malungo anamutenga asanayambe kuyenda. Nthawi imeneyo alamu anali asanapeze ntchito yokhazikika. Maliro atatha anakalembetsa ya udzudzuyi, ndipo sanafunenso ina. Achemwali chisoni chawo anachipititsa kwa ana aeni ndi maluwa, alamu anachipititsa ku zitini ndi matayala. Za mwanayo sankakamba, ndipo ine ndikhulupirira kuti aliyense ankaganiza kuti mnzake anaiwala.

Atatsala okha, alamu anayamba ndi kudzilimbitsa mtima. Anati nyumba tsopano ili mwadongosolo. Ankaphika okha, kudya okha, kutsuka mbale imodziyo n'kuivundikira. Duwa ankalithirira dothi m'mawa ndi madzulo, kachikho kali kouma ngati thumba la mlova. Patapita milungu nsonga za masamba zinayamba kufiira n'kupiringizika, ndipo tsinde pansi linafewa n'kuyamba kafungo ka chithaphwi.

Tsiku lina m'mawa ndinawaona akulowa mwanga chammbali, duwa lili m'manja, nkhope ili ngati ya munthu wopita ndi mwana kuchipatala.

"Mlamu, taliyang'anani. Ndikulipatsa madzi kuposa mmene ndikumwera ineyo, koma likungofota."

"Mukuthira pati?"

"Pamene pamathiridwa madzi. M'dothi."

"Ndiye mukuti nditani? Ndilisokere masamba atsopano?"

Sanaseke. Analiika pa tebulo langa lodulira nsalu n'kukhala pa kampando ka makasitomala.

"Likafa, adzabwera kudzatenga chiyani?" anatero.

Ndinali nditakonza mawu ambiri owalasa nawo, ndipo ena anali okoma kwambiri, koma onse ndinawameza. Munthuyu sankapempha kuti akazi awo abwerere. Zimenezo ankaopa n'kuziganiza komwe. Ankangofuna kuti pakhale chifukwa choti adzapondenso pakhomopo, ngakhale kwa ola limodzi. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinatseka makina n'kutenga chikwama.

Tinapita kwa mayi wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu waukulu, amene alamu anamuvutitsapo kangapo chifukwa cha migolo yake ya madzi. Mayiyo atawazindikira anapinda manja pachifuwa n'kumwetulira ngati munthu amene Mulungu wamuyankha. Koma ataliona duwa anasiya zonse. Analizula mu mphika, n'kutionetsa dothi lonyowa ngati matope ndi mizu yoyamba kuda.

"Mwalimiza miyendo, kukamwa n'kuliumitsa ndi ludzu," anatero. "Kwawo kumene linachokera, duwa ili limamera pa nthambi za mitengo. Mizu yakeyi ndi yogwirira basi, ngati zala. Likakhala m'matope limaola."

Anadula mizu yoola, n'kulibzalanso mu mphika waung'ono wobooka pansi, m'makungwa a mitengo oswaiswa osakaniza ndi dothi pang'ono. Anati likhale powala koma dzuwa lisaliwombe mwachindunji, lizidutsa pa katani yopyapyala. Dothi lizingonyowetsedwa likauma. Kenako anafika pamene alamu ankaopa.

"M'kachikhomu muzikhala madzi nthawi zonse. Sabata iliyonse mukhuthule akale, mutsukuluze, muthire atsopano. Ndipo a pampopi salikonda, amalisiyira zoyera m'masamba. Muzitchera a mvula."

"Kutchera bwanji?" anafunsa alamu, ngakhale anamva.

"Ndi beseni, a Khuthulani. Loyang'ana kumwamba."

Mvula itagwa koyamba, ine ndinasiya diresi ya mwini n'kukaima pakhomo, chifukwa zoterezi sizioneka kawiri. Alamu anatuluka ndi beseni atalibisa kumbuyo ngati akuba. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuliika pakati pa bwalo, kukamwa kuli kumwamba. Koma mumzere wa nyumba zathu mulibe chinsinsi. Makatani anayamba kugwedezeka. Wokonza njinga wa pakona, amene alamu anamutayitsa matayala osawerengeka, anabwera dala ndi ambulera n'kuima pafupi ndi beseni, manja kumbuyo, akuunguzamo mwaulemu.

"Bwana, kodi madzi awa ali ndi chilolezo?"

"Ndi a duwa," anayankha alamu, mvula ikuwatsika m'khosi.

"Oo, a duwa. Anga aja anali a tayala."

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wodutsa pakhomo pawo ankawapatsa moni wa mawu amodzi omwe aja akuti, "Khuthulani." Alamu ankangogwedeza mutu. Chaona mnzako chapita, ndipo iwo anadziwa kuti mawa lake lafika. Madziwo anawasefa ndi kansalu, kuwathira m'mabotolo n'kutseka zotsekera mwamphamvu moti ine sindikanatha kutsekula.

Kuthira koyamba m'kachikho anandiitana kuti ndikhale mboni. Atathira anabwerera m'mbuyo ngati ayatsa bomba, n'kukoka mpando kukhala moyang'anana nalo. Madzulo ndinawamva pakhoma akuyendayenda. M'mawa mwake maso anali ofiira, koma madzi anali momwemo.

Chondiseketsa n'chakuti alamu ankadziwa kuposa tonsefe kuti udzudzu suswa lero n'kuuluka mawa. Umaikira mazira, mazira n'kukhala timphutsi, timphutsi n'kutenga masiku tisanamere mapiko, ndipo madzi osinthidwa sabata isanathe satulutsa kanthu. Zimenezi ankaphunzitsa anthu ena. Kungoti mutu unkadziwa koma manja sankafuna kumva, ndiye anafunika kuwaphunzitsa ngati ana a mkaka.

Tsiku lina masana ndinamva kugogoda pakhoma, kosalekeza. Nditathamangira, ndinawapeza ataima pa duwa, tochi kumanzere, chitini cha mankhwala opopera udzudzu kumanja. M'kachikho munali timphutsi tingapo tikudzipinda n'kudziwongola, tosadziwa kuti tagwa m'manja mwa yani.

"Alamu, mukapopera mmenemo mwapha duwa," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Ndiye chitinicho mwanyamuliranji?"

"Chabwera chokha."

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anaika chitini pansi. Anakatenga jakisoni wopanda singano amene ankatapira madzi kuntchito, n'kuyamba kuyamwa timphutsi kamodzikamodzi, akutcha timphutsito mayina amene sindingawalembe pano. Atatha anatsukuluza kachikho n'kuthiranso madzi a mvula. Ine ndinaganiza kuti asiya mouma tsiku limenelo, ndipo sindikanawadzudzula, koma anathira.

M'mawa mwake anabwera ndi tepi yanga yoyezera imene anabwereka osandiuza, n'kunena kuti akufuna neti ya duwa. Ikhale yozungulira, yokoleka kudenga, yofika pansi pa mphika, ya timabowo tolowa mpweya ndi kuwala koma osati mlendo. Anandiuza muyezo mosamala kuposa mkwatibwi. Ndikudula nsaluyo ndinaona kuti kukula kwake n'kofanana ndendende ndi kaneti kophimbira khanda. Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana nsaluyo.

Musayembekeze kuti ndikuuzani kuti duwalo linamasula. Silinamasule, ndipo mpaka lero tikudikirabe. Chimene linachita n'chakuti linasiya kufa. Tsinde linalimbanso, kafungo kanatha, ndipo pakati panatuluka masamba atsopano obiriwira, otuwa pang'ono. Nsonga zouma zija alamu anazidula ndi sizasi yanga yabwino, motsatira mmene tsamba limathera, kuti zisaoneke. Loweruka lililonse ankasintha madzi atavala malaya a manja aatali, ndipo ankalipatsa moni asanavundukule neti. Izi amakana, koma khoma lija silinama.

Kenako mwana wawo anaimba foni. Khanda layamba kuyenda, ndipo amayi akubwera Lachisanu kudzatenga duwa lawo.

Lachisanulo alamu anasita malaya okha, mpaka anawotcha kolala. Ine ndinalowa kwawoko ndi singano m'manja ngati ndikufuna kuwasokerera batani, poti munthu sungamve nkhani yotere kudzera pakhoma. Achemwali anafika masana, atanenepa pang'ono, opanda chikwama chachikulu chija. Ananyamula katoni yopanda kanthu, manyuzipepala akale ndi chingwe. Nditaona chingwecho ndinadziwa kuti abweradi kudzalitenga.

Anapatsana moni ngati anthu okumana ku ofesi. Ali bwanji mwana, ali bwino. Mdzukulu, akuyenda, akugwetsa zinthu. Achemwali anayang'ana kukhitchini, kumene makapu ndi mapoto zinali chafufumimba monga kale. Anaika katoni pansi pafupi ndi zenera n'kuitsekula. Apo m'pamene anaona neti.

Anaikweza pang'onopang'ono. Anayang'ana masamba atsopano, makungwa a mu mphika, mabotolo a madzi ondandalikidwa pansi pa zenera. Kenako dzanja linachita zimene linazolowera: chala chinalowa m'kachikho. Chinatuluka chonyowa mpaka m'mfundo yachiwiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali, dontho likutsika kulowera m'dzanja.

"Mwathira lero poti mwamva kuti ndikubwera," anatero.

"Ayi, mayi. Ndi a Loweruka lapitali. Ndisintha mawa."

"Agonamo?"

"Agonamo."

"Nanga inu mumagona?"

"Pang'ono," anatero alamu. "Masiku ano bola."

Achemwali anatembenukiranso ku duwa. Anagwira mpendero wa neti n'kumausisita ndi chala chonyowacho, ngati akuona mmene ndinasokera.

"Kaneti kabwino," anatero. "Kakukula ngati ka mwana."

Alamu anayang'ana pansi.

"Kakanakhalapo nthawi ija," anatero.

Zaka zonsezo palibe anali atatchulapo nthawi ija m'nyumba imeneyo. Achemwali anakhala pa mpando umene alamu ankalonderapo duwa, n'kuphimba nkhope ndi manja. Alamu anaima pambali pawo osadziwa kochita ndi manja awo, kenako anaika limodzi pa phewa la akazi awo, ndipo silinachotsedwe. Ine ndinalira poyera, singano ili m'manja, batani losasokerera.

Patapita nthawi achemwali anapukuta m'maso ndi mpendero wa neti womwewo, n'kuvula nsapato.

"Ketulo ili kuti, bambo?"

"Ndaivundikira pa shelefu."

"Ndimadziwa," anatero. "Kaitembenuzeni."

Chikwama chachikulu chija chinabwera sabata yotsatira pa basi, pamodzi ndi bulangete ndi chithunzi cha mayi athu. Makapu kwawoko akadali chafufumimba, ndipo mlendo amene amakonda nkhani ndimamulangiza kuti tambula azigwira m'manja. Koma Loweruka m'mawa ndimawamva pakhoma akukangana kuti athire ndani, ndipo nthawi zambiri amapambana ndi alamu. Katoni ija ndinaitenga ine, ndimasungiramo zigamba.